Michael Sata: Kuchokera ku Kabwata Kukafika ku State House

Chiyambi chake

Michael Chilufya Sata anabadwira ku Mpika m'chaka cha 1937, ndipo asanatchuke pa ndale anayamba wagwirapo ntchito ya upolisi ndi ya kunjanji, nakagwiranso pa siteshoni ya sitima mu London. Kwawo ku Zambia analowa chipani cha UNIP, osati pa mipando yaulemu, koma pansi penipeni, kumene chipani chinkamangidwa ndi masekishoni ndi mabulanchi, ndi anthu oyenda khomo ndi khomo kukamema anzawo ku msonkhano.

Kabwata

Kabwata ndi komboni ya mu Lusaka kumene atsamunda anamangira antchito achikuda tinyumba tozungulira tofolera udzu. Anthu a kumeneko, amene anali asanazolowere kuona mkulu wa boma akuponda fumbi la m'misewu yawo, anamsankha kukhala phungu wawo mu 1983, ndipo mu 1985 anakhala bwanamkubwa wa Lusaka. Zinyalala zinachotsedwa m'tauni, misewu inakonzedwa, ndipo waulesi aliyense ankaopa lilime lake lakuthwa. Dzina lakuti King Cobra linamukhala.

M'chipani cha MMD

Pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1991, Sata anali atalowa kale MMD ya Frederick Chiluba, momwe anakhala nduna ya maboma aang'ono, ya zantchito ndi ya zaumoyo, kenaka mlembi wamkulu wa chipani. Apa sitingabise cholakwa chake, pakuti mu 2001 anaima ndi iwo ofuna kuti Chiluba alamulirenso kachitatu, chinthu chimene malamulo a dziko ankaletsa ndipo mipingo ndi anthu wamba anachikana ndi mtima wonse. Chiluba atasankha Levy Mwanawasa kuti amlowe m'malo, Sata anatuluka nayambitsa chipani chake, Patriotic Front.

Zaka khumi za kudikira

Pa chisankho cha 2001 anapeza mavoti pafupifupi atatu okha pa zana lililonse, ndipo ambiri anamuyesa munthu wotha. Iye sanakapemphe chifundo m'nyumba zamipanda za ku Kabulonga, koma anabwerera kumisika, kwa madalaivala a mabasi, kwa amayi ogulitsa ndiwo ndi kwa anyamata osowa ntchito, nalankhula nawo m'chinenero chawo za mtengo wa ufa ndi za msonkho, kufikira chizindikiro cha bwato cha chipani chake chinadziwika m'komboni iliyonse. Anagonja kwa Mwanawasa mu 2006, nagonjanso pang'ono chabe kwa Rupiah Banda mu 2008. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa 23 Sepitembala 2011 analumbira kukhala mtsogoleri wachisanu wa Zambia, ali ndi zaka 74.

Imfa yake

Analamulira zaka zitatu zokha. Anamwalirira mu London pa 28 Okutobala 2014, ndipo anaikidwa ku Embassy Park mu Lusaka, pafupi ndi manda a Mwanawasa ndi a Chiluba.