Mbiri ya Cisoti ca pa Njinga ya Moto

Usiku uno ndifuna kukamba nanu mbiri ya cinthu cimene timaciona masiku onse koma siticisamala, ndico cisoti ca munthu wokwera njinga ya moto, imene makolo athu anaipatsa dzina lakuti mthuthuthu, ndipo ambiri kuno amangoti honda.

Tsiku lina m'mawa ndinaima pa mseu wa Los Angeles, pamene anthu a ku Chibolya amaolokera kunka ku msika wa Soweto. Ndinaona mnyamata ali kuyendetsa njinga ya moto, mai wina atakhala pambuyo pace ndi thumba la ndiwo. Cisoti anali naco mnyamatayo, koma cinali kulendewera pa handulo, ndipo mai uja anali ndi duku lokha kumutu. Ataona wapolisi patsogolo, mnyamatayo anaika cisoti pamutu msangamsanga wosamanga lamba wace. Iye ayesa kuti cisoti ndi ca apolisi. Mbiri yace itiuza kuti cinacokera kwa madotolo amene anatopa ndi kuona anyamata alikufa.

Njinga ya moto yoyamba yoyendera petulo inapangidwa ku Germany m'caka ca 1885 ndi Gottlieb Daimler pamodzi ndi mnzace Wilhelm Maybach, ndipo m'caka ca 1894 zinayamba kupangidwa zogulitsa. Kwa zaka zambiri okwera anali kubvala zipewa za nsaru kapena za cikopa, zongowacinjiriza ku mphepo ndi pfumbi. M'caka ca 1914 dotolo wina wa ku England, Eric Gardner, anapangitsa zisoti zolimba za anyamata ocita mpikisano wa liwiro pa cisumbu ca Isle of Man. Koma anthu wamba anati zimenezo ndi za ampikisano okha, ndipo anapitirira kuyenda mitu iri pamtunda.

Tsono tifike ku mwezi wa May 1935, mwezi umene dziko lathu siliuiwala. Ndi mwezi umene anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya anakana nchito cifukwa ca msonkho, ndipo anthu 6 anaphedwa ndi mfuti pa mgodi wa Roan Antelope. Masiku omwewo mzinda wa Lusaka unali kukonzeka kulandira ulemu wa kukhala likulu la dziko m'malo mwa Livingstone. Pa mwezi womwewo kunacitika ngozi ku England imene inadzasintha mayendedwe a okwera njinga za moto pa dziko lonse, kufikira ndi mnyamata uja wa ku Chibolya.

Kunali msilikari womveka, dzina lace T. E. Lawrence, amene anamenya nkhondo pamodzi ndi Aluya pa nkhondo yaikuru yoyamba. Iye anali katswiri wa njinga za moto, ndipo anali atayendetsa zingapo za mtundu wa Brough Superior, zimene zinali zopambana pa masiku amenewo. Pa 13 May anacoka ku nyumba yace ku Dorset kunka pafupi pomwepo kukatumiza telegalamu. Pobwerera, anyamata awiri a pa njinga zopalasa anali atabisika m'kadambo ka mseu. Anawaona mocedwa, nawapatukira, ndipo anaponyedwa pansi, mutu nugunda. Analibe cisoti. Anagona masiku 6 wosadziwa kanthu, namwalira pa 19 May ali ndi zaka 46.

Taonani bwino, abale anga. Munthuyu sanali wophunzira kumene kuyendetsa, mseu unali wa kumudzi wopanda magalimoto ambiri, ndipo ulendo unali waufupi. Cakudza siciimba ng'oma.

Mmodzi wa madotolo amene anaitanidwa kudzamuona anali Hugh Cairns, mbadwa ya ku Australia, wodziwa kuciritsa mabala a m'mutu ndi a ubongo. Anacoka pamenepo manja lende, koma imfa imeneyo sanaiiwale. Itabuka nkhondo yaciwiri m'caka ca 1939, asilikari a Britain anali kutumiza makalata a akuru a nkhondo ndi anyamata a pa njinga za moto, usana ndi usiku, ndipo usiku nyali zinali zophimbidwa kuopa ndege za adani. Cairns anali kuyang'anira cipatala ca asilikari obvulala m'mutu ku Oxford, ndipo anaona kuti ambiri anali kufa pa miseu ya kwao komwe asanaone ndi mdani yemwe.

Iye anayamba kuwerenga. M'caka ca 1941 analemba m'nyuzi ya madotolo, British Medical Journal, kuti pa miyezi 21 yoyamba ya nkhondo anthu oposa 2,000 okwera njinga za moto anafa pa miseu ya Britain, ndi kuti mwa iwo amene iye anafufuza imfa zao, ambiri ndithu anali atabvulala m'mutu. Owerengeka amene anafika kwa iye atagwa ali ndi zisoti anacira. Akuru a nkhondo anamva mau ace, ndipo mu November 1941 analamula kuti msilikari ali yense wokwera njinga ya moto pa nchito abvale cisoti.

Kwa anthu wamba lamulo linacedwa. Ambiri anakana, nati mutu ndi wao, Boma lisawauze cobvala. Cairns anamwalira m'caka ca 1952 asanaone cimene anali kufuna. Dera la Victoria ku Australia ndilo linayamba kukakamiza onse m'caka ca 1961, ndipo Britain inatsatira m'caka ca 1973, patapita zaka 38 cifere Lawrence. Pa zaka zonsezo manda anali kudzaza ndi anyamata amene akadakhala ndi moyo.

Kodi cisoti cimagwira nchito bwanji? Ubongo wa munthu ndi wofewa, ndipo ukhala m'cigaza monga phala m'mbale. Mutu ukagunda pansi mwadzidzidzi, cigaza ciima koma ubongo upitirira, nugunda pfupa m'kati, ndipo mitsempha iduka. Cisoti cabwino ciri ndi zigawo zitatu. Kunja kuli cikhokho colimba cimene cimwaza mphamvu ya kugundako. M'kati muli conga cinkhupule couma, cimene ciphwanyika pang'onopang'ono kuti mutu usaime mwadzidzidzi. Cacitatu ndi lamba wa pa cibwano. Lamba akapanda kumangidwa, cisoti ciuluka munthu asanafike pansi, ndipo ali cimodzimodzi ndi iye amene analibe. Ndiponso cisoti cimene cinagunda kale mwamphamvu catha nchito, ngakhale kunja cioneka cabwino, pakuti cinkhupule cija sicibwerera. Cenjerani naco cogula pa salaula.

M'caka ca 2008 akatswiri a gulu la Cochrane anasonkhanitsa zimene anthu anafufuza m'maiko ambiri, napeza kuti pa anthu 100 amene akadafa atagwa opanda cisoti, pafupifupi 42 akadapulumuka akadacibvala, ndipo mabala a m'mutu acepa ndi magawo 69 pa 100.

Inu a ku migodi mudziwa kale nkhani imeneyi. Palibe wa inu angatsike m'mgodi mutu uli pamtunda, ndipo kapitao sangamlole. Koma ndikupemphani kuti cisoti ca ku mgodi musacitengere pa njinga ya moto. Cimeneco cinapangidwira mwala wogwa kucokera pamwamba. Sicicinjiriza m'mbali mwa mutu kapena kunkhongo, ndipo munthu akagwa cimacoka. Comweconso cisoti ca amisiri omanga nyumba, cimene timaona anyamata ena atabvala m'tauni.

Kuno kwathu njinga ya moto kale inali ya ambusa, alangizi a zaulimi ndi anchito a Boma oyenda m'midzi. Lero yasanduka khasu la anyamata ambiri. Ena apereka katundu ndi zakudya m'nyumba za anthu, ena anyamula anthu m'makwalala a Kanyama, Chawama, George ndi Matero momwe minibasi sifika. Lamulo la za pa mseu la caka ca 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, ndilo liyang'anira zimenezi, ndipo cisoti cifunika kwa woyendetsa ndi wonyamulidwa yemwe. Mai wa thumba la ndiwo uja mutu wace suli wolimba kuposa wa mnyamatayo.

Miseu yathu iri ndi misampha yace. Ku Chibolya ndi ku Kanyama madzi a mvula sacedwa kudzaza, popeza pansi pali thanthwe, ndipo dzenje libisala pansi pa madzi monga anyamata aja anabisika kwa Lawrence. Pa mseu wa Lumumba pali malole akuruakuru, ndipo woyendetsa lole sakuonani mukalowa pambali pace pamene ali kukhota. Pafupi ndi Soweto minibasi iima popanda cenjezo, ndipo wa wilibala atuluka pakati pa magalimoto. Cotero cepetsani liwiro, yatsani nyali ngakhale usana, musanyamule anthu awiri kapena atatu pambuyo, ndipo mukamwa mowa isiyeni njinga igone.

Ena acita manyazi, ati cisoti citentha, ciononga tsitsi, kapena anzao adzawaseka. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera ku dzenje. Mwendo wothyoka madotolo a ku UTH angaulumikize, ndipo munthu abwerera ku nchito. Ubongo ukaonongeka, munthu angakhale ndi moyo koma wosalankhula, wosadziwa ana ace, ndipo mkazi wace asiya malonda kuti azimdyetsa. Banja lonse ligwa pamodzi ndi iye.

Mawa m'mawa, inu oyendetsa, mangani lamba musanalize injini, ngakhale ulendo uli wongofika pa msika. Inu amai ndi abambo okwera pambuyo, funsani cisoti canu musanakwere, ndipo ngati palibe dikirani njinga yina.