Zipilala za ku Gettysburg

Gettysburg ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Pennsylvania m'dziko la America. M'minda ndi m'zitunda zozungulira tauniyi munamenyedwa nkhondo yoopsa kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julaye 1863. Kumenyanaku kunali mbali ya nkhondo yapachiweniweni imene inabuka mu 1861, pamene zigawo 11 zakumwera zinagalukira boma pofuna kusunga ukapolo. Asilikali a boma ankatsogoleredwa ndi George Meade, pamene akumwera ankatsogoleredwa ndi Robert E. Lee. M'masiku atatu okhawo, amuna pafupifupi 50,000 anaphedwa, kuvulazidwa, kugwidwa kapena kusowa. Lee anagonja nabwerera ku Virginia.

Masiku ano pamalopa pali zipilala, ziboliboli ndi miyala yolembedwa zoposa 1,300. Zonsezi sizinamangidwe nthawi imodzi, ndipo chilichonse chimanena zimene omanga ake anafuna kuti zikumbukike.

Chikumbutso choyamba chinali manda. Nkhondo itatha, mitembo inakwiriridwa mothamanga m'maenje osaya, mwakuti mvula inkaifukula. Atsogoleri a zigawo zakumpoto anagwirizana zopatula malo, ndipo mitembo ya asilikali a boma yoposa 3,500 inaikidwanso mwaulemu. Mazanamazana mwa iwo sanadziwike mayina, kotero pamiyala yawo panalembedwa manambala chabe. Pa 19 Novembala 1863 Pulezidenti Abraham Lincoln analankhula pamwambo wopatula mandawo. Mawu ake anatenga mphindi ziwiri zokha, koma anakumbutsa anthu kuti dzikolo linakhazikitsidwa pa mfundo yoti anthu onse ndi ofanana. Asilikali akumwera sanapatsidwe malo m'mandamo. Mafupa awo anakhala m'minda mpaka m'zaka za m'ma 1870, pamene oposa 3,000 anasamutsidwira kwawo, ambiri mwa iwo ku Richmond.

M'zaka za m'ma 1880, asilikali opuma a kumpoto anayamba kumanga zipilala pamalo pamene magulu awo anaima pomenyana. Mu 1895 boma linatenga malowo kuti liziwasamalira, ndipo mu 1910 chigawo cha Pennsylvania chinamanga chipilala chachikulu koposa zonse, chokhala ndi mayina a asilikali ake oposa 34,000.

Pofika mu 1913 mitima inali itazizira. Nkhalamba zoposa 50,000 za mbali zonse ziwiri zinasonkhana pa Gettysburg pokumbukira kuti papita zaka 50. Amene kale ankalozetsana mfuti anagwirana chanza pa mpanda wamiyala pamene gulu la George Pickett linathera pa tsiku lachitatu la nkhondoyo. Mu 1917 chigawo cha Virginia chinaimika chiboliboli cha Lee atakwera hatchi, ndipo zigawo zina zakumwera zinatsatira. Mu 1938 Pulezidenti Franklin Roosevelt anatsegulira chipilala cha mtendere chokhala ndi moto wosazima pamwamba pake.

Chiyanjano chimenechi chinali chokoma, koma chinabisa nkhani yaikulu. Zipilala zambiri zimatamanda kulimba mtima kwa asilikali osatchula chimene ankamenyera. Ngakhale Pulezidenti Woodrow Wilson, polankhula pamsonkhano wa 1913 uja, sanatchule za ukapolo. Chikhalirecho, pamene asilikali a Lee analowa mu Pennsylvania, anagwira anthu akuda, ena mwa iwo mfulu, nawatumiza kumwera kukakhala akapolo. Mabanja ambiri akuda a ku Gettysburg anathawa kusiya nyumba zawo. Basil Biggs, mlimi wachikuda, ndiye anatsogolera anzake pa ntchito yowawa yofukula mitembo ya asilikali a boma ndi kuinyamulira kumanda atsopano aja. Komabe amuna akuda a m'tauniyo amene pambuyo pake analowa usilikali, ambiri anagona m'manda awoawo, amene tsopano amatchedwa Lincoln Cemetery, chifukwa tsankho linkalekanitsa anthu ngakhale atamwalira.

Akuluakulu amati mlandu suola. Nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa pamalopa mu 2008 imafotokoza poyera kuti ukapolo ndiwo unali gwero la nkhondoyo. Nkhani imene miyala inaidumpha kwa zaka zoposa 100 inapeza malo ake.

Motero wophunzira mbiri akaima patsogolo pa chipilala chilichonse, asakhutire ndi mawu ozokotedwa pamwalapo. Adzifunse kuti anachimanga ndani, m'chaka chiti, ndipo ndani amene dzina lake palibe. Akafunsa mafunso atatuwa pa Gettysburg, adzapeza kuti zipilalazo zimafotokoza za mibadwo imene inazimanga monga momwe zimafotokozera za nkhondo ya 1863.