Msilikali amene anamasula khosi la hatchi

Sabata ino ndikupita nanu ku Italy, ndipo nkhani yake ndi ya mahatchi. Ndikudziwa kuti ambirife hatchi timangoionera pa TV, koma khalani nane kaye.

Zaka za m'ma 1800, okwera mahatchi ku Ulaya ankakhulupirira kuti miyendo yakutsogolo ya hatchi ndi yosalimba. Ndiye hatchi ikamadumpha mpanda, wokwera ankagonera chagada, miyendo atatambasulira kutsogolo, n'kukoka zingwe zapakamwa mwamphamvu, ati kuti iterere miyendo yakumbuyo. Tangoganizani. Chitsulo chili m'kamwa, munthu wakutsamira pamsana, ndiye akuti dumpha. Hatchi yaing'ono, imene ikungoyamba kumene, inkaphunzira chinthu chimodzi basi: mpanda umapweteka. Mawa lake ikauona inkaima njii, kapena kuthawira pambali, ndipo chikwapu chinkagwira ntchito. Mlandu unkagwera hatchi kuti ndi yamakani.

Federico Caprilli anabadwira ku Livorno mu 1868, ndipo anali mkulu wa asilikali okwera pa mahatchi. Iye anachita chinthu chapafupi chimene akuluakulu ake sankachita. Anasiya mahatchi kuti azidumpha okha popanda munthu pamsana, iye n'kumangoyang'ana. Anaona kuti hatchi iliyonse imatera ndi miyendo yakutsogolo, ndipo siithyoka. Anaonanso kuti ikakhala m'malere imatambasula khosi ndi kupinda msana ngati uta, chifukwa khosi ndilo limaithandiza kuti isapendekeke. Kukoka zingwe pa nthawi imeneyo kuli ngati kumugwira mkono mayi amene wasenza dengu la tomato pamene akuwoloka ngalande. Ife a pamsika tikudziwa kuti dengulo silingafike.

Choncho anasintha kakhalidwe ka wokwera. Anafupikitsa zingwe za zopondera kuti mawondo apindike, thako lichoke pachishalo, thupi liweramire kutsogolo limodzi ndi hatchi, manja azitsatira pakamwa pake osati kulimbana napo. Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kaphunzitsidwe ka hatchi yaing'ono. Sankayamba ndi mpanda wautali ayi. Ankayamba ndi mitengo yogoneka pansi kapena yotukulidwa pang'ono chabe, imene mpaka lero imatchedwa cavaletti. Hatchi imadutsapo poyenda, kenako pothamanga pang'ono, mpaka iphunzire yokha kuyeza mapazi ake ndi kusankha ponyamukira. Mtengo umakwezedwa pokhapokha hatchi ikasiya mantha. Ankaitengeranso kutchire, m'maenje ndi m'zitunda, poti pankhondo palibe bwalo losalala. Kwa msilikali imeneyi sinali nkhani yamasewera. Hatchi yokana dzenje adani ali pambuyo ndiye kuti imfa.

Kodi mabwana ake anaombera m'manja? Ayi ndithu. Kwa iwo, msilikali wotukula thako pachishalo ankaoneka wopanda ulemu, ndipo anali mnyamata ameneyu ndani kuti atsutse zimene akuluakulu anaphunzira? Anamusamutsira kum'mwera kwa Italy, kutali ndi sukulu ya okwera mahatchi. Kumeneko anapitiriza zomwezo, ndipo mahatchi amene ena anawalephera ankadumpha bwinobwino m'manja mwake.

Mu 1901 analemba maganizo ake m'magazini ya asilikali okwera mahatchi. Mu 1902, pa mpikisano wa mayiko ku Turin, anadumpha mamita 2.08 atakwera hatchi yotchedwa Melopo. Apa zokangana zinachepa. Anapatsidwa udindo wophunzitsa ku Pinerolo ndi ku Tor di Quinto, kufupi ndi Rome, ndipo asilikali a mayiko ena anayamba kubwera kudzaphunzira, n'kubwerera nazo kwawo. Mukaonera mpikisano wodumpha mipanda pa Olympics lero, aliyense amene waweramira pakhosi la hatchi uja akukwera mmene anaphunzitsira Caprilli, kaya dzina lake akulidziwa kaya ayi.

Mwini wake sanaone zambiri mwa izi. Mu December 1907 ku Turin, anagwa pa hatchi imene sinali kudumpha kapena kuthamanga, inkangoyenda pang'onopang'ono mumsewu. Anamenyetsa mutu pansi, n'kumwalira ali ndi zaka 39.