Mankhwala Akakanika Kawiri: Mbiri ya Depression Yosamva Mankhwala

Ena mwa inu munamvapo kale mawu awa m'chipinda cha dokotala: "Mankhwalawa sanagwire, tiyese ena." Ulendo woyamba munthu umapirira. Ulendo wachiwiri mtima umayamba kukunong'oneza kuti mwina vuto ndi iweyo. Madokotala ali nalo dzina la zimenezi, amati treatment-resistant depression, kutanthauza matenda ovutika maganizo amene sakutha ngakhale munthu wamwa mitundu iwiri ya mankhwala, pa mlingo woyenera, kwa masabata okwanira. Dzinali si lakale, ndipo lero ndikufuna tione kumene linachokera, chifukwa mbiri yake ikhoza kusintha mafunso amene mudzafunse dokotala wanu.

Matenda eniakewo ndi akalekale. Agiriki ankawatcha melancholia poganiza kuti amayamba ndi ndulu yakuda, ndipo mu 1621 Robert Burton wa ku Oxford analemba chibuku chonse pa nkhani yomweyi. Koma nthawi imeneyo panalibe wonena kuti uyu sakumva mankhwala, poti mankhwala ogwiradi ntchito kunalibe. Zinthu zinayamba kusintha mu 1938 ku Rome, pamene Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anadutsitsa magetsi m'mutu mwa wodwala kuti akomoke pang'ono. Njirayi ndi imene timaitcha ECT. Poyamba ankaichita munthu ali maso, ena mpaka kuthyoka mafupa, ndiye mbiri yake inaipa. Masiku ano amayamba akugonetsani tulo n'kufewetsa minofu, ndipo ECT idakali imodzi mwa njira zamphamvu kwambiri kwa anthu odwala kwambiri, ngakhale ena imawasiya akuiwalaiwala.

Mapiritsi oyamba anapezeka mwangozi, eti. Mu 1952 pachipatala cha Sea View ku New York ankayesa iproniazid pa odwala chifuwa chachikulu, n'kudabwa kuona anthu amene anali atataya mtima akuyamba kudya, kuseka ndi kucheza. Mu 1957 Nathan Kline anafotokoza kuti mankhwala omwewo akuthandiza ovutika maganizo. Chaka chomwecho ku Switzerland, Roland Kuhn analengeza za imipramine, amene poyamba ankawayesa pa matenda ena a misala. Apa m'pamene nkhani yathu ikuyambira. Mankhwala atangopezeka, panaonekanso gulu la anthu amene mankhwalawo sankawafika. Anzawo akutuluka m'chipatala, iwo ali pomwepo.

Nanga ife tinali kuti? Mu 1953 bungwe la WHO linasindikiza buku la J. C. Carothers, dokotala amene anagwirapo ntchito pachipatala cha Mathari ku Nairobi, ndipo iye ankaphunzitsa kuti depression siipezekapezeka mwa anthu a mu Africa. Taganizani kumene madokotala otere ankawerengera odwala. Ku Nyasaland, malo osungirako odwala misala anatsegulidwa ku Zomba mu 1910 ngati mbali ya ndende. Kumalo otero ankatengerako amene wasokoneza mtendere, wamenya munthu kapena watentha nyumba. Mayi amene wangokhala duu kuseri kwa nkhokwe, osadya, osalankhula, panalibe womupititsa kwa DC. Ndiye owerengawo sanamuone, n'kulemba kuti kulibe. Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria anatsutsa maganizo amenewa, ndipo mu 1954 anayambitsa dongosolo ku Aro, pafupi ndi Abeokuta, loti odwala azikhala m'midzi yoyandikana ndi chipatala limodzi ndi achibale awo uku akulandira chithandizo. Tsono amalume akakuuzani pa WhatsApp kuti amenewo ndi matenda a azungu, dziwani kuti akugwirizana ndi dokotala wachitsamunda amene anatsutsidwa kalekale.

Kumapeto kwa 1987 America inavomereza fluoxetine, amene ambiri amawadziwa kuti Prozac. Anali osavuta kumwa ndipo sankapha msanga munthu akamwa ambiri ngati mmene ankachitira akale aja. Nawo anabwera ndi kankhani kosavuta kumva: muubongo mwako mwachepa serotonin, imwa piritsi, mudzadze. Kankhanika kanathandiza anthu kusiya manyazi, koma kanapwetekanso. Ngati vuto ndi losavuta chonchi, nanga iwe amene sukuchira uli ndi chiyani? Lero akatswiri ambiri amavomereza kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa serotonin yekha. Mu 1997 Michael Thase ndi John Rush anakonza masitepe owerengera kuti munthu wayesa mankhwala angati osathandizidwa, ndipo pang'onopang'ono lamulo la mitundu iwiri lija linakhazikika.

Kenako kunabwera kafukufuku wamkulu wotchedwa STAR*D, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Boma la America linatsata odwala oposa 4,000 m'zipatala wamba. Pa mankhwala oyamba, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ndi amene anachiriratu. Pofika ulendo wachitatu ndi wachinayi, ochira anali 13 kapena 14 okha pa 100 alionse. Eni kafukufukuyo anati mukaphatikiza maulendo onse anayi, 67 pa 100 amachira. Mu 2023 gulu lina linawerenganso manambala omwewo motsatira ndondomeko yoyambirira, n'kupeza 35. Mkanganowo sunathe. Koma kaya mutenge nambala iti, phunziro ndi limodzi: kusachira ndi piritsi loyamba ndi kumene kumachitikira anthu ambiri. Simuli nokha, ndiponso si ulesi.

Pa zaka zonsezi ena ankafufuza njira zina. Mu 1981 ku Montreal, Claude de Montigny anaonetsa kuti kuwonjezera lithium pa mankhwala amene akukanika kumadzutsa odwala ena. Mu 1985 ku Sheffield, Anthony Barker anapanga makina ofikira ubongo ndi maginito popanda kung'amba kapena kugonetsa munthu, ndipo America inavomereza njira ya TMS imeneyi pa depression mu 2008. Mu 2000 ku Yale anayesa ketamine, mankhwala ogonetsera anthu pa opaleshoni, pa odwala ochepa chabe, n'kuona ena akupepukidwa patangopita maola, osati masabata. Mu 2019 America inavomereza esketamine wopopera m'mphuno, woperekedwa kuchipatala kokha. Ku England bungwe la NICE linakana mu 2022 kuti azipezeka pa NHS, chifukwa cha mtengo ndi mafunso pa umboni wake. Chonde, ketamine wa mumsewu si chithandizo. Amawononga chikhodzodzo ndipo munthu umazolowera.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti ina mwa nkhani zabwino kwambiri m'mbiriyi siinachokere m'botolo. Mu 2013 kafukufuku wa CoBalT ku Britain anatenga anthu 469 amene mapiritsi sankawathandiza. Theka anapitiriza monga kale, theka linalo anawonjezerapo CBT, kukambirana ndi katswiri kumene kumaphunzitsa munthu kugwira maganizo ake n'kuwafunsa mafunso. Patatha miyezi 6, amene zizindikiro zawo zinatsika ndi theka anali 46 pa 100 m'gulu la CBT, pomwe m'gulu linalo anali 22.

Inu a ku Harare ndi Bulawayo mukudziwa za kufungisisa, mawu a Chishona a kuganiza mopitirira. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Zimbabwe, anataya wodwala wake amene anadzipha atasowa ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Mu 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loyamba kulithetsa. Iyi ndiyo Friendship Bench. Mu kafukufuku wa 2016 wa anthu 573, patatha miyezi 6 amene anali ndi zizindikiro za depression anali pafupifupi 14 pa 100 mwa okhala pa benchi, ndi 50 pa 100 mwa enawo. Kafukufukuyu sanali wa anthu amene mankhwala anawakanika, ndiye tisanamizane kuti benchi ilowa m'malo mwa dokotala. Koma anaonetsa kuti ngongole, kusungulumwa ndi nkhanza zapakhomo ndi mbali ya matendawa, ndipo nazonso zimafuna chithandizo. Ganizo lomwe Lambo anali nalo linabwereranso, ndipo benchiyi yafika ku Malawi ngakhalenso ku New York.

N'chifukwa chake cha m'ma 2020 akatswiri ena anayamba kunena kuti dzina lija lisinthe, tizinena kuti depression yovuta kuchiza. Mawu akuti yosamva mankhwala amamveka ngati wodwalayo ndiye wamakani. Dzina latsopanoli limabweza funso kwa ochiza: tayang'ana zonse kodi?

Ndiye inu amene mwamwa mitundu iwiri osaona kusintha, mbiriyi ikukupatsani zoti munyamule popita kwa dokotala. Lembani dzina la mankhwala alionse amene munamwapo, mlingo wake, ndi masabata amene munamwa, poti nthawi zina mlingo unali wochepa kapena munasiya msanga. Funsani ngati anakuyezani chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi. Ngati munakhalapo masiku angapo osagona koma muli ndi mphamvu zodabwitsa, mukuwononga ndalama, nenani, chifukwa bipolar imafuna mankhwala ena. Nenani zoona za mowa ndi chamba. Nenaninso za mashifiti ausiku ku care home kapena ku warehouse, za mapepala amene akuchedwa, za ndalama zimene kumudzi akudikira mwezi uliwonse. Pemphani kuonana ndi psychiatrist, ndipo funsani za CBT, lithium, TMS ndi ECT. Ku England mukhoza kudzilembetsa nokha ku NHS Talking Therapies, ndipo kulembetsa kwa GP sikufuna umboni wa mapepala okhalira m'dzikomo. Musasiye mapiritsi mwadzidzidzi, thupi limavutika. Kuyenda, kugona pa nthawi yake, kudya ndi anzanu, kupemphera ngati mumapemphera, zonsezi ziziyendera limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala.

Ngati usiku uno maganizo odzipha akukuvutani, musadikire tsiku la dokotala. Ku Britain imbani Samaritans pa 116 123, ku America 988, ku South Africa SADAG pa 0800 567 567, kapena pitani kuchipatala cha ngozi chapafupi. Ndipo inu amene muli bwino, muimbireni mnzanu uja wasiya kuyankha pa gulu. Mutu umodzi susenza denga. Mufunseni ngati wadya, ndipo mumuuze kuti tsiku lopita kwa dokotala mupitira limodzi.