Chiyankhulo cha ku kuka

Chichewa changa ndinachiyamwa ku kuka kwa agogo anga, m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Palibe anatikhazika pansi kuti atiphunzitse. Madzulo nkhuku zikalowa, agogo ankangoti "Padangotelo," ife n'kuvomera "Tili tonse," mawu n'kumalowa okha pamodzi ndi utsi wa pamoto. Mlongo wanga wamng'ono asanathe kuwerenga zala zake ankadziwa kale kuti mnzake ndi "iwe" koma amalume ndi "inu", ndiponso kuti mayi a kuseri kwa nkhokwe satchulidwa dzina, ndi aNaphiri. Tsiku lina anati "iwe" kwa anyakwawa. Agogo anangomuyang'ana, osatsegula pakamwa, ndipo sanabwerezenso. Pa moto womwewo anamvanso mmene akuluakulu ankatchulira "obwera", milomo itapindika, nayenso n'kuyamba kupinda yake asanaonepo wobwera ndi mmodzi yemwe.

Mapiri ano anaziona kale zoti mwana amayamwa chiyankhulo cha pakhomo. Angoni a Chiwere atakhazikika ku Dowa ndi mikondo ndi zishango zawo, anakwatira akazi a Chichewa. Pabwalo ankalamula ndi abambo, koma mwana ankakulira kumsana kwa mayi ake, pa mtondo ndi kuchitsime. Lero zidzukulu zawo zimayankhula Chichewa, ndipo Chingoni chinatsalira m'mayina a mafuko ndi m'nyimbo za ngoma.

Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ku Mvera, m'dziko la Chiwere lomwelo, ndipo mu 1894 Robert Blake anayamba ya ku Kongwe. M'sukulu zawo za m'midzi ana ankaphunzira kuwerenga m'chiyankhulo cha amayi awo. William Murray ndi anzake anamasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, ndipo mphunzitsi Samuel Nthara, mwana wa ku Dowa, anapata mphoto mu 1933 ndi buku lake la Nthondo. Ndimanyadira zimenezi. Koma sukulu zomwezo zinagawa mudzi pakati. Mwana wa kukalasi anaphunzira kutchula msuweni wake wa kudambwe kuti "wakunja", ngakhale ankadyera mbale imodzi.

Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unalamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo mu 1972 kunabwera Chichewa Board yowongola kayankhulidwe ka anthu. Ife a kuno tinkayenda ndi mapewa m'mwamba. Ndikukumbuka ndi manyazi mmene tinkasekera ana a matenanti obwera kudzalima fodya kuchokera kummwera, ndi mmene tinkatsanzirira mphunzitsi wina wa kumpoto akatembenukira ku bolodi. Munthuyo ankadziwa ziyankhulo zitatu, ife chimodzi, koma omuseka tinali ife.

Kunyada kwathu kunathera pa chipata cha sekondale. Kumeneko wogwidwa akuyankhula Chichewa ankamuveka chikatoni pakhosi, ndipo ankayenda nacho mpaka atagwira mnzake. Amene chamugonera ankakumba dzenje la zinyalala Loweruka. Tinasanduka akazitape a anzathu. Ine ndinachivala sabata yoyamba chifukwa cha mawu amodzi okha, "Mayo!", nditapunthwa pa mwala. Choŵaŵa kwambiri chinali cha anyamata a m'tauni, oyankhula Chichewa ngati ine ndemwe. Nditati "ŵana" monga ankanenera agogo, anagwa ndi phwete, n'kundipatsa dzina loti Wachimidzi. Pa holide ndinayamba kuwongola agogo pa mawu awo. Anandiyang'ana monga anayang'anira mlongo wanga tsiku lija, koma ine sindinamve msanga.

Boma lasinthasintha. Mu 1996 linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, ndipo mu 2014 linalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Amene walephera Chingerezi satenga satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Chingerezi ana athu achiphunzire ndithu, achidziwe bwino. Chimene ndikukana n'chakuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa ku Malomo kapena ku Madisi, wodziwa kale nthano, ndagi ndi mayina a mitengo yonse ya m'dambo, aziuzidwa tsiku loyamba kuti sadziwa kanthu.

Pitani ku Dzaleka. Pamalo pamene panali ndende ya andale panatsegulidwa msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo lero pali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mwana wobadwira pamenepo amayankhula Chiswahili ndi anzake, chiyankhulo cha makolo m'nyumba, ndi Chichewa cha ku Dowa pamsika, choti utatsinzina sungamusiyanitse ndi mdzukulu wako. Komabe ana athu amamutcha "Mburundi" ngakhale kwawo kuli ku Congo, ndipo amatchula mawuwo milomo itapindika. Dzinalo analimva pa moto wathu. Makolo anzanga a ku Dowa ndi ku Ntchisi, mwana uja mumufunse dzina lake, ndipo ana anu akumveni mukumuitana nalo.