Mbiri ya Kacirombo Kosamva Mankhwala

Kuyambira kale amuna a ku Katete, Sinda ndi Vubwi akhala a paulendo, kunka ku migodi kukafuna nchito ndi kubwerera kwao. Nako kacirombo ka HIV kali ndi mbiri ya maulendo.

Akatswiri apeza kuti kanayamba kufalikira ku Kinshasa ca m'ma 1920. Monga anthu ali ndi mafuko, nako kali ndi mitundu. Mtundu wochedwa C unakula m'dziko la migodi la Katanga, nutsikira kumwera pamodzi ndi anchito, ndipo ndiwo wocuruka m'Zambia lero.

Matendawa anadziwika m'dziko muno mu 1984. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao anafa ndi Edzi. Maliro anacuruka m'midzi, pakuti mankhwala panalibe. Mu 2002 Boma linayamba kupereka ma ARV ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo mu 2005 anakhala aulere. Zipatala za Kum'mawa, monga ca St Francis ku Katete, zinaona odwala akudzuka pamphasa nagwiranso khasu.

Koma bvuto lina linali kudza mwakacetecete. Kacirombo kameneka kamaswana msanga, ndipo poswana kamasintha. Munthu akamamwa mankhwala modumphadumpha, tizirombo tofooka timafa, koma tosinthika timatsala ndi kucurukana. Tsono akapatsira mkazi wace, amampatsa kacirombo kosamva mankhwala, ngakhale maiyo sanamwepo ndi mbulu umodzi womwe. Mankhwala a nevirapine ndi efavirenz ndiwo anagonja msanga, pakuti kusintha kumodzi kokha kunali kokwanira kuwafooketsa.

Mu 2017 bungwe la World Health Organization linacenjeza kuti m'maiko 6 mwa 11 amene anapimidwa, oposa munthu mmodzi mwa 10 oyamba mankhwala anali nako kale kacirombo kotere. Motero mu 2018 Zambia inayamba kusinthira odwala ku dolutegravir, mankhwala amene kacirombo kamabvutika kuwazolowera.

Cikhalireco nkhondoyi siinathe. Wa paulendo, kaya wa ku migodi kaya woolokera ku Malawi kapena ku Tete, akaiwala botolo lace kunyumba amapatsa kacirombo mpata wosintha. Iye wakumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, napimitsa magazi pa nthawi yace, asunga moyo wace, wa mkazi wace ndi wa mwana wosabadwa. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.