Kuchokera pa khadi kufikira pa nsalu: mbiri ya ndalama m'masankho athu

Chaka chilichonse pamafika tsiku la 14 June, lokumbukira chisankho cha 1993 pamene Amalawi ambiri anasankha nyali ya matipate nasiya tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo mawu amene amamveka pa tsikuli ngakuti ndalama zinalowa m'ndale pamodzi ndi matipate. Ine ndikayika. Ndalamazo zinalipo kale. Chimene chinatembenuka ndi njira yake, pakuti m'masiku a chipani chimodzi, munthu wamba ndiye ankapisa m'thumba kugula khadi la chipani, popanda ilo kumsika kapena m'basi kunali kovuta kulowa, ndipo wofalitsa uthenga anali wailesi imodzi yokha.

Chitapita chisankho cha 1994, mtsinje wa ndalamawo unabwerera kumtunda. Iye amene dzulo ankasonkha anayamba kulandira, ndipo popeza nyuzipepala sizifika kutali ndi tauni, nayonso wailesi yakanema inachedwa mpaka 1999, ofuna mipando anapeza kuti chikwangwani choposa zonse ndicho thupi la wovota. Nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, imene mayi amaberekera mwana, napita nayo kudambo, kuchigayo ndi kumaliro, imalalikira zaka zisanu osalipidwanso.

Koma nsalu siinayende yokha. Amene anaonapo msonkhano wa zaka zimenezo sadzaiwala mathero ake: zolankhula zitatha, gule ataleka, galimoto likunyamuka m'fumbi, dzanja linkatuluka pa zenera ndi mpukutu wa ma K50, ndipo nkhalamba zimene zinakhala padzuwa kuyambira m'mawa zinkagwetsana ndi anyamata, ena kubwerera ndi zilonda m'malo mwa ndalama. Sindiwaweruza, pakuti wanjala adziwa kuti fodya wako ndiye ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malonjezo a mlatho anawamva kambiri, koma mchere wa lero anauona ndi maso. Kuyambira pamenepo phungu anasanduka wogula mabokosi a maliro ndi wolipirira ana sukulu, ndipo kafukufuku wa chisankho cha 2019 anapeza kuti wopikisana pa mpando wa phungu ankamwaza ndalama zokwana ngati K14.8 miliyoni, kuposa malipiro a phungu a chaka chathunthu. Kupatsa nkuika, anatero akale; woika chuma chotere adzafuna pokatapa.

Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pofuna mavoti, niliika chilango cha K10 miliyoni kapena zaka zisanu m'ndende, nililamula zipani kuulula opereka thandizo lalikulu. Chondipweteka nchakuti maso athu anatsalira pa dzanja la pa zenera lija, osafunsa amene anadzaza chikwamacho. Lero uthenga wasamukira pa Facebook ndi WhatsApp, nyimbo za kampeni zikulira m'mafoni, ndipo ndalama imene kale inkauluka m'fumbi pamaso pa mudzi wonse imafika usiku, mwakachetechete, pa foni ya mkulu wa kudera.